Galu akayamba kusanza ndi kutsekula m'mimba: zochita pakhomo tsiku loyamba

Mwadzuka m'mawa n'kupeza masanzi pakhonde, kuseri kwa khitchini kuli chimbudzi chamadzi okhaokha, galu wagona pansi pa mtengo wa mapeyala, mkute wa dzulo sakuununkhiza n'komwe. Ambirife tikafika apa timachita ziwiri. Ena timangomusiya, ati galu amadzichiza yekha ndi udzu. Ena timathamangira mkaka ndi kapisozi amene anatsala mwana atadwala. Ine ndinachita zachiwirizo ndili ku Luchenza, ndipo tiagalu tiwiri tinafa sabata imodzi, nditatimwetsa mkaka wa ng'ombe wabwinobwino poyesa ndikutipatsa mphamvu.

Galu wamkulu wathanzi amene wangotola zowola kudzala amachira pa masiku awiri mukamusamala bwino. Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi, kapena matenda ena amene abisala kuseri kwa kutsekulako. Ntchito yanu tsiku loyamba ndi kubwezera madziwo, ndi kuzindikira msanga ngati nkhaniyi ndi ya pakhomo kapena ya a vetenale.

Zofunika kukhala nazo pafupi

- Paketi ya Thanzi ORS, kapena shuga ndi mchere
- Madzi owiritsa kapena othira WaterGuard, ndi mabotolo awiri a 500 ml oyezera lita
- Sirinji ya 10 ml kapena 20 ml yochotsa singano, ya ku famase
- Sipuni yaing'ono ya tiyi
- Mpunga, ndi nyama ya nkhuku kapena mazira
- Jik, ndowa, khasu, magolovesi kapena jumbo yovala kumanja
- Chiguduli chouma kapena bulangete lakale
- Themometa, ngati muli nayo
- Kope, cholembera, ndi nambala ya mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu

Musanamupatse kanthu kalikonse

1. Imani kaye patali, mumuyang'ane. Galu amene akutuluka dovu, chibwano chili lende ngati watsamwa ndi fupa, akulephera kumeza, wasintha kauwidwe kapena khalidwe, ameneyo musamupise dzanja m'kamwa. Chiwewe chimaoneka chonchi, ndipo anthu ena amachitenga pofuna kuchotsa fupa limene kulibe. Mutsekereni, ana atalikire, imbani foni kwa mlangizi. Akakulumani, kapena dovu likagwera pa bala, tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Dovu lambiri lobwera mwadzidzidzi pa galu amene anali bwinobwino ola lapitalo, pamodzi ndi kusanza, kutsekula, kunjenjemera ndi minofu kudumphadumpha, kawirikawiri ndi tameki, mankhwala opopera m'munda, kapena mankhwala a nkhupakupa amene achuluka posungunula. Apa pafunika jakisoni wa atropine, ndipo amakhala ndi a vetenale. Musataye nthawi ndi masitepe enawa, nyamukani.

2. Zungulirani pakhomo, mupeze chimene wadya. Funsani ana, chifukwa iwo ndi amene amaona zonse. Kuno kwathu ndimayamba kukayikira izi: nkhuku yofa yokha imene inatayidwa kudzala, matumbo ogona, mafuta otsala a pachiwaya, ndiwo zochuluka anyezi, mafupa a nkhuku ophika. Nyengo ya mango ndi mapeyala muziwerengera njere zake, ndipo nyengo ya mondokwa muziwerengera zitsononkho. Zimenezi sizigayika. Zimakatseka matumbo, galu n'kumasanza chilichonse chimene wameza koma chimbudzi osatuluka, kapena kutuluka pang'ono chabe.

A ku Thyolo mudziwenso za makadamiya. Mtedza umenewu kwa ife ndi wabwino, kwa galu ndi poizoni. Pasanathe maola 12 amasanza, amanjenjemera, thupi limatentha, miyendo yakumbuyo n'kufooka mpaka kulephera kudzuka. Ambiri amachira pa masiku awiri, koma mwini wake amakhala atayamba kale kuloza zala anansi.

3. Yang'anani chimbudzi ndi masanzi, mujambule pa foni. N'zonyansa, inde, koma chithunzi chimenecho chimauza a vetenale zambiri kuposa mawu anu. Chimbudzi chamadzi chabulauni pa galu amene akugwedezabe mchira nthawi zambiri n'cha zakudya. Chakuda bii ngati phula ndi magazi ochokera m'chifu kapena kumtunda kwa matumbo. Chofiira, chamadzi, cha fungo loti simungaime pafupi, pa kagalu ka pakati pa milungu 6 ndi miyezi 6 kosabayitsa katemera, muganize za parvo, matenda a vairasi opha tiagalu, mpaka a vetenale atanena kuti ayi. Njoka zazitali zoyera m'masanzi kapena tizidutswa tonga mpunga kuzungulira kumchira ndi njoka za m'mimba.

4. Muyezeni malo anayi. Galu wodwala amatha kuluma ngakhale mwini wake, choncho wina amugwire mutu modekha.

Nkhama: tukulani mlomo wam'mwamba. Zabwino zimakhala zofiirira ndi zonyowa. Zikamamata chala, madzi achepa. Dinikizani ndi chala n'kusiya, mtundu ubwerere pasanathe masekondi awiri. Zikakhala zoyera ngati pepala magazi achepa, mwina ndi njoka zoyamwa magazi, mwina ndi matenda a nkhupakupa. Zachikasu zikuloza kuchiwindi kapena magazi amene akuwonongeka. Agalu ena nkhama zawo n'zakuda chibadwire, amenewo muone mkati mwa chikope cham'munsi.

Khungu: tsinani la pakati pa mapewa, kokani m'mwamba, siyani. Likagwa nthawi yomweyo zili bwino. Likabwerera mozengereza madzi achepa, likaima ngati hema galuyo afunika diripi. Pa galu wowonda kwambiri kapena wokalamba njira iyi imanamiza, muzikhulupirira nkhama.

Kutentha: pakani themometa Vaseline, lowetsani pang'ono kumatako. Galu wabwino amakhala pakati pa 38 ndi 39.2. Mphuno yowuma kapena yonyowa siuza kanthu, zimenezo n'zongokamba.

Kulemera: popanda ichi muyezo uliwonse wa madzi ndi mankhwala ndi wongopeka. Kagalu kaikeni m'thumba mutu uli kunja, mukakoleke pa sikelo ngati ija ya ogula nandolo. Wamkulu munyamuleni, mukwere naye pa sikelo yoponda, muchotserepo kulemera kwanu.

5. Gamulani: pakhomo kapena ulendo. Nyamukani lero lomwe ngati pali chimodzi mwa izi:

- ndi kagalu kosakwana miyezi 6 kamene kakusanza komanso kutsekula
- m'chimbudzi kapena m'masanzi muli magazi, kapena chimbudzi n'chakuda bii
- akusanza ngakhale madzi
- nkhama n'zoyera kapena zachikasu, khungu likuima, maso alowa
- kutentha kwadutsa 39.5 kapena kwatsika pansi pa 37.5
- mimba yatupa ndipo akudzikakamiza kusanza osatuluka kanthu
- ndi wamkazi amene anali pa nyengo yokweredwa mwezi umodzi kapena iwiri yapitayo, ndipo akumwa madzi kwambiri kapena akutuluka mafinya kumaliseche
- wakhala akumwa prednisolone, mapiritsi oletsa kuyabwa ndi kutupa, kapena mankhwala ena a nthawi yaitali

Poyambira ndi mlangizi wa ziweto wa ku ofesi ya zaulimi ya EPA yanu, kapena ofesi ya ziweto ya pa boma ku Thyolo kapena ku Mulanje. Zoyeza magazi, diripi ya masiku angapo ndi opaleshoni, konzekerani ulendo wa ku Blantyre, kumene kuli bungwe losamalira nyama la BSPCA ndi madokotala a ziweto oyima paokha. Imbani kaye musananyamuke. Pa njinga yamoto kagalu kakhale m'katoni yoboola, kofundidwa, chifukwa mphepo ya pa msewu wa Bvumbwe m'mawa imamaliza kanyama kamene kazizira kale. Tengani paketi ya chilichonse chimene mukuchikayikira.

Ngati palibe chimodzi mwa zimenezi, galu ndi wamkulu, akuyenda, akukuyang'anani mukamuitana, pitirizani pansipa.

Kubwezera madzi

6. Konzani madzi ake. Paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi abwino. Ikasowa, masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi, masipuni osefukira ayi, ofafaniza. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa: amathira mchere ndi dzanja ngati akukoleretsa ndiwo, ndipo mchere wochuluka umavulaza ubongo wa galu wouma kale. Lawani. Asawawe mchere kuposa misozi. Otsala muwataye pakatha maola 24.

7. Mwetsani pang'onopang'ono, koma kosalekeza. Ngati wangosanza kumene, dikirani ola limodzi kapena awiri m'mimba mukhazikike, ndipo muchotse beseni la madzi. Galu waludzu amapapira beseni lonse n'kulibweza lonse, n'kutsala wouma kuposa poyamba.

Yambani ndi 1 ml kapena 2 ml pa kilogalamu iliyonse, mphindi 15 zilizonse. Galu wa makilogalamu 10 ndiye kuti 10 ml mpaka 20 ml, sirinji imodzi. Akamanyambita yekha m'mbale, n'zabwino koposa. Akakana, lowetsani nsonga ya sirinji pakona ya mlomo, pakati pa tsaya ndi mano, mutu uli mowongoka, mufinye pang'ono, mudikire ameze. Musamupenyetse kumwamba ngati mukumwetsa mbuzi, ndipo musamwetse galu amene sakudzutsa mutu kapena sakumeza. Madzi akalowa m'mapapo mwaonjeza chibayo pa matenda amene analipo.

Pakatha maola awiri kapena atatu osasanza, wirikizani muyezo, kenaka bwezerani mbale ya madzi wamba pambali pa ya Thanzi kuti azisankha yekha. Galu wabwinobwino amafuna 50 ml mpaka 60 ml pa kilogalamu patsiku, ndiye wa makilogalamu 10 amamwa kupitirira theka la lita, ndipo wotsekula amafuna kuposa apo. Lembani m'kope nthawi ndi muyezo, ndi nthawi imene wakodza. Mukadalira mutu mudzaona ngati mwamwetsa zambiri pamene botolo likadali lodzaza. Tsiku lonse osakodza, kapena kusanza kukabwereranso kawiri, basi, za pakhomo zatha.

Mugoneke pa chiguduli chouma, pamthunzi kukatentha, m'nyumba kukakhala chiperoni. Mwezi wa June ndi July kuno kunsi kwa phiri la Mulanje simenti ya pakhonde imazizira ngati mwala wa mumtsinje wa Likhubula. Botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje limathandiza, mbaula ayi.

Chakudya

8. Mupumitseni pang'ono, osati kumusalitsa. Galu wamkulu amene akusanza akhale maola 6 mpaka 12 osadya, madzi okha. Amene akungotsekula osasanza palibe chifukwa chomumana. Kagalu ndi mphaka musawasalitse konse: shuga wa kagalu amatsika msanga, ndipo kakayamba kudzandira kapena kuzizira kapakeni uchi kapena madzi a shuga pankhama muli pa ulendo wa kwa a vetenale.

Chakudya choyamba chikhale mpunga wophika mpaka kufewa ngati phala, magawo awiri kapena atatu, ndi gawo limodzi la nkhuku yowiritsa yopanda khungu, mafuta ndi mafupa. Nkhuku ikavuta, dzira lowiritsa. Mpunga ukavuta, phala la ufa woyera lopanda mkaka, kapena mbatata kaya dzungu lowiritsa. Usipa wouma muuwiritse, mutaye msuzi woyamba. Osathira mchere, anyezi, tomato kapena mafuta. Yambani ndi masipuni akulu awiri kapena atatu, mudikire maola awiri. Akasunga, muzimupatsa pang'ono kanayi kapena kasanu patsiku kwa masiku awiri kapena atatu, kenaka muzisakaniza ndi chakudya chake chakale mpaka chibwerere chonse. Musadabwe akakhala tsiku limodzi osachita chimbudzi kutsekula kukatha, m'matumbo mumakhala mulibe kanthu.

9. Tsukani malo. Kwirirani chimbudzi mozama kapena muchitaye m'chimbudzi chokumba. Pa simenti yambani ndi sopo, kenaka kapu imodzi ya Jik m'makapu 20 a madzi, muisiye mphindi 10 musanatsukuluze. Jik wothira pamwamba pa zonyansa sagwira ntchito. Mbale zake zimodzimodzi. Agalu ena akhale kwina, ana asasewere pamalopo, inu musambe m'manja ndi sopo.

10. Akachira, mupatseni mankhwala a njoka. Akachira, osati ali mkati mosanza. Funsani amene amapha mitundu yonse, chifukwa piperazine amapha njoka zazitali zokha, zoyamwa magazi ndi zonga mpunga zija amazisiya. Tiagalu timalandira pa milungu 2, 4, 6 ndi 8, kenaka mwezi uliwonse mpaka miyezi 6, akuluakulu miyezi itatu iliyonse. Zonga mpunga zimabwera ndi utitiri, ndiye mukasiya utitiri zibweranso.

Zikamapita n'kubweranso

Pali agalu ena amene amadwala, mwawasamala, achira, pakatha milungu itatu ayambiranso. Mwini amasintha chakudya, amaonjeza mankhwala a njoka, mapeto ake amati wina akumuthirira. Galu wotere vuto lake nthawi zina silikhala m'matumbo. Impso, chiwindi ndi kapamba zonse zikadwala zimalankhulira m'mimba. Koma pali tiziwalo tina timene anthu satiganizira n'komwe.

Pafupi ndi impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono ngati nyemba, kotchedwa adrenal. Kamatulutsa cortisol, amene amathandiza thupi kupirira likapanikizika komanso amateteza khoma la m'matumbo, ndi aldosterone, amene amasunga mchere ndi madzi m'thupi. Tiziwaloti tikafooka, matenda ake amatchedwa Addison. Amakonda agalu a zaka zochepa ndi a zaka zapakati, makamaka aakazi. Galu amasanza, amatsekula, amafooka, amanjenjemera, amawonda. Akaikidwa diripi amadzuka ngati sanadwale, ndipo aliyense amati zatha. Kenaka kubwere ulendo, alendo ambiri pakhomo, kubereka kapena makombola a pa Khirisimasi, wagwanso, ndipo tsiku lina amagwa osadzukanso chifukwa potaziyamu wakwera mpaka kusokoneza mtima. Magazi akayezedwa nthawi zambiri amaonetsa sodiyamu wotsika ndi potaziyamu wokwera, ndipo pali kuyeza kwina kotchedwa ACTH kotsimikizira. Mankhwala ake ndi a moyo wonse, koma galu wopezeka msanga amakhala zaka zambiri bwinobwino. Kope lija likuthandizani apa: masiku amene anadwala ndi chimene chinachitika pakhomo dzulo lake, muwaonetse a vetenale, ndipo mufunse mosaopa ngati n'kotheka kuyeza magazi.

Chimene ndachiona kwambiri kuno si Addison wobwera yekha, koma wopangidwa ndi manja athu. Mnansi wanga wina galu wake ankadzikanda usiku wonse. Anamugulira prednisolone, kuyabwa kunaleka, iye n'kumangomupatsa tsiku ndi tsiku pafupifupi miyezi iwiri. Mapiritsi atatha anangosiya. Pasanathe sabata galu anali gone, akusanza, miyendo ikukana. Chimachitika n'chakuti thupi likamalandira kuchokera kunja mankhwala amenewa, amene amagwira ntchito ngati cortisol, tiziwalo tija timagona, ndipo sitidzuka tsiku limodzi. Prednisolone ndi dexamethasone womwa kwa milungu ingapo amasiyidwa mochepetsa pang'onopang'ono, motsogozedwa ndi a vetenale. Galu amene ali pa mankhwalawa akayamba kusanza, ndiye kuti sakuwasunga m'mimba, ndipo afunika kuwalandira pa jakisoni tsiku lomwelo.

Mbali inayo ndi pamene cortisol wachuluka, matenda a Cushing: galu wachikulire womwa ndi kukodza kwambiri, wamimba yolendewera, ubweya ukuthothoka mbali zonse ziwiri mofanana. Ngati wanu anapezeka nawo ndipo akumwa trilostane, lamulo lake n'losiyana ndi la prednisolone. Akayamba kusanza, kutsekula kapena kukana chakudya, musamupatse piritsi lotsatira, imbani foni kwa dokotala wake, chifukwa mwina mankhwalawo atsitsa cortisol mopitirira.

Zolakwika zimene timabwereza

Mkaka. Kuno ng'ombe za mkaka zili ponseponse kuyambira Bvumbwe mpaka Goliati, ndiye dzanja limathamangira kumeneko. Agalu ambiri akakula sagaya bwino shuga wa mumkaka, ndipo matumbo odwala ndiye sagayiratu. Umaonjeza kutsekula, ndipo sutsuka poizoni ayi. Mafuta ophikira ndi mazira aawisi chimodzimodzi.

Mankhwala a anthu opha ululu. Brufen, diclofenac ndi Indocid amaboola chifu cha galu ndi kuwononga impso, makamaka thupi likauma, ndipo akaphatikizana ndi prednisolone ngozi yake imakula. Panado piritsi limodzi limatha kupha mphaka.

Flagyl ndi makapisozi otsala. A vetenale amagwiritsa ntchito Flagyl nthawi zina, koma poyeza kulemera kwa galu. Akachuluka galu amadzandira, maso amavina, ena amakomoka. Kutsekula kwa zakudya sikufuna mankhwala amenewa, ndipo parvo ndi vairasi, kapisozi yekha sangamuchize.

Kusanzitsa ndi madzi a mchere. Mcherewo umapha pawokha. Galu amene wamwa palafini, Jik kapena asidi wa batire, kapena amene akunjenjemera, sasanzitsidwa konse. Makala a pambaula osinja si makala a kuchipatala aja, sagwira poizoni.

Kudikira tsiku lachitatu. Galu wamkulu mumupatse maola 24 kuti muone kusintha, 48 kuti achire. Kagalu alibe nthawi imeneyo, usiku umodzi umakwana.

Kuyesa kuti katemera wa chiwewe ndi wa zonse. Ameneyu ndi amene anandinamiza ine. Jakisoni amene agalu amabayidwa pa kampeni ndi wa chiwewe chokha, ndipo n'ngofunika kwambiri, koma parvo ali ndi katemera wakewake wogula: woyamba pa milungu 6 mpaka 8, kubwereza pakatha milungu itatu kapena inayi iliyonse mpaka kagalu kakwane milungu 16. Kasanamalize, kasapite kumsika kapena kusewera ndi agalu oyendayenda.

Kutenga kagalu kena msanga. Parvo amakhala m'dothi miyezi yambiri, pamthunzi ponyowa mpaka chaka, ndipo dothi silitsukika ndi Jik. Pakhomo pamene pafa kagalu ndi chimbudzi cha magazi, wotsatira abwere atamaliza kale katemera wake yense, ndipo mbale, chingwe ndi chiguduli zikhale zatsopano.